Interface ikuthetheka ngati mbuliwuli, kwaya ikubwera Loweruka

Gulu: Ojambula nyimbo m'nyumba, Tete ndi Angónia

LACHIWIRI USIKU

Zakeyu (Ulónguè): Madzulo abwino akuluakulu nonse. Ndabwera ndi vuto, mundithandize. Mwezi watha msuweni wanga anandibweretsera interface (kabokosi kolumikizira maiki ndi zida zoimbira ku kompyuta) ya ma input awiri kuchokera ku Johannesburg, yogwirapo kale ntchito koma yooneka bwino. Ndikailumikiza ku laputopu zikuchitika zinthu zitatu. Mawu akuthetheka ngati mbuliwuli mu chiwaya. Ndikaimba pa maiki ndikumadzimva mochedwa mu mahedifoni, ngati ndikuimbira m'chitsime. Ndiye nthawi zina imangozimiririka, pulogalamu n'kunena kuti palibe chipangizo chilichonse. Loweruka kwaya ya kwathu ku Dómuè ikubwera kudzajambula nyimbo zitatu, ndalama ya shapa (minibasi) anasonkha kale. Mutu wandiima.

Mano Toni (Zóbuè): Aise imeneyo yafa. Za ku Joni zogula pamanja zimatero. Dumpha malire pa Calómuè upite ku Lilongwe ukagule ina, Lachinayi uli kunyumba.

Zakeyu (Ulónguè): Ndalama yake iti mano? Mbatata sindinagulitse.

Mano Toni (Zóbuè): Ndiye formata laputopuyo, uike ASIO4ALL, nkhani yatha.

Kota Jere (Moatize): Toni, munthu sanatiuze n'komwe pulogalamu imene akugwiritsa ntchito, iwe wamutumiza kale ku Lilongwe ndipo wamufufutira kale kompyuta. Dekha. A Zakeyu, tiyankheni izi kaye. Windows yanji? Mukujambulira pulogalamu yanji? Interfaceyo mwaibaya mwachindunji pa laputopu kapena yadutsa pa kena kake? Ndipo mutitumizire chithunzi cha pamene pamasankhidwa chipangizo cha mawu.

Zakeyu (Ulónguè): Zikomo akulu. Windows 10, laputopu ya RAM 8 GB. Ndimajambulira Reaper. Chithunzi ndi ichi, pamodzi ndi cha interfaceyo kutsogolo ndi kumbuyo.

Kota Jere (Moatize): Ndaona. Pa Audio system palembedwa WaveOut. Kuchedwa kwa mawu kwayambira pamenepo. WaveOut ndi njira yakalekale ya Windows, mawu amayenda mozungulira, kudutsa m'manja ambiri asanafike m'khutu mwanu. Poonera kanema palibe vuto, koma woimba sangapirire. Njira imene inapangidwira ntchito yathuyi ndi ASIO. Anaiyambitsa ndi a Steinberg, omwe aja a Cubase, ndipo cholinga chake n'chakuti pulogalamu izilankhula ndi interface popanda mkhalapakati. Ndiye funso ndi ili: draiva ya interfaceyi, kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhula nayo, munaiikapo?

Zakeyu (Ulónguè): Ayi. Nditangoibaya inayaka yokha, mawu n'kumatuluka, ndiye ndinkayesa zatheka.

Nangozo (Tete): Ambiri tinagwera pomwepo achimwene. Windows ili ndi draiva yakeyake imene imadzutsa pafupifupi interface iliyonse ya USB, nyali n'kuyaka, nyimbo n'kumveka. Koma imeneyo siikupatsani ASIO. Anzathu a Mac sadandaula zimenezi chifukwa Core Audio imabwera itakonzeka kale. Ife a Windows tiyenera kukatenga draiva kwa amene anapanga chipangizocho.

Mano Toni (Zóbuè): Ndiye si ASIO4ALL ndanena ija? Mukungozungulira.

Kota Jere (Moatize): Si chimodzimodzi. ASIO4ALL si draiva ya chipangizo chilichonse. Ndi chovala chabe, imaveka draiva ya Windows ija malaya a ASIO kuti pulogalamu iilandire. Ndi yothandiza kwambiri kwa munthu amene alibe interface, kapena amene interface yake ilibe draiva yakeyake, ndipo zotchipa zina zilidi choncho. Koma ya a Zakeyu ndaiona pachithunzipa, ili ndi draiva yake pa tsamba la kampani. Kuika ASIO4ALL pamenepo kuli ngati kubwereka njinga ya aneba pamene yako ili m'nyumba yopopa kale.

Mphunzitsi Banda (Furancungo): Ndionjezepo chenjezo. Mukafufuza dzina la draiva pa intaneti pamatuluka masamba ambirimbiri olonjeza kuti akukonzerani madraiva onse kamodzi. Musawakhudze. Chimodzimodzi ma flash amene amayendayenda m'mabaraka okopera nyimbo. Ine ndinaika chinthu chotero chaka chatha, ndinataya mafayilo a ana asukulu a teremu yonse. Tsamba la kampani lokha basi, ndipo muonetsetse nambala ya mtundu wake, chifukwa interface imodzimodziyo imakhala ndi mibadwo ingapo ndipo draiva imatha kusiyana.

Zakeyu (Ulónguè): Ndamva aphunzitsi. Mamega andithera, ndigula a usiku ndikoke anthu akagona. Mawa ndikuuzani.

Kota Jere (Moatize): Poika, yambani mwazula interfaceyo. Ikani draiva, zimitsani laputopu n'kuyatsanso, kenako ibayeni. Ndipo chonde, musasinthe china chilichonse usiku uno. Tikasintha zinthu zisanu nthawi imodzi sitidzadziwa chimene chachiza, kapena chimene chaonjeza matenda.

LACHITATU

Zakeyu (Ulónguè): Mwadzuka bwanji nonse. Draiva yalowa. Mu Reaper ndasankha ASIO, dzina la interface laoneka. Kuchedwa kuja kwatheratu, ndasangalala kwambiri. Koma kuthetheka kwaonjeza! Tsopano ndi mbuliwuli wa pa ukwati.

Nangozo (Tete): Kkkk. Yang'anani pakona yakumanja m'mwamba mwa Reaper, pali timanambala. Tiwerengereni.

Zakeyu (Ulónguè): Palembedwa 44.1kHz, kenako 32spls.

Nangozo (Tete): Ndi ameneyo wolakwa. Buffer yanu ili pa 32. Ndani anaika pamenepo?

Zakeyu (Ulónguè): Ndine ndemwe achemwali. Ndinaona kuti nambala ikachepa kuchedwa kukuchepanso, ndiye ndinatsitsa mpaka pansi.

Nangozo (Tete): Ndikufotokozereni mmene ndimamvera ine. Mawu sayenda ngati madzi a mu paipi, kompyuta imawatunga ndi ndowa. Buffer ndiye kukula kwa ndowayo. Ndowa ikakhala yaing'ono imadzaza msanga, madzi amafika msanga, koma wotunga ayenera kuthamanga maulendo ambirimbiri osapuma. Akangopunthwa kamodzi, mtsuko wa kunyumba wauma, ndipo kuumako ndi kuthetheka mukumvako. Pa 44100 (44.1kHz ija) ndi buffer ya 32, laputopu yanu ikuyenera kubweretsa ndowa yatsopano maulendo opitirira 1300 pa sekondi imodzi. Mukuizunza.

Masamu ake ndi osavuta, buffer kugawa ndi sample rate, kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu pa sekondi imodzi (44100 ija), ndipo ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi. 128 pa 44100 ndi pafupifupi 3 ms. 256 ndi pafupifupi 6 ms. 512 ndi 11.6 ms. 1024 ndi 23 ms. Kumeneko ndi kupita kokha, kubwerera muonjezere kena kofanana nako ndi pang'ono pamwamba. Ndiye taganizani, mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza kuti mita imodzi ndi 3 ms. Woimba tenala amene waima mamita atatu kuchokera pa kiyibodi m'tchalitchi akumva mochedwa ndi 9 ms, ndipo sanadandaulepo. Musalimbane ndi 32. Ikani 256 pojambula, 1024 posakaniza.

Mphunzitsi Banda (Furancungo): Mayi Nangozo, fanizo la ndowali ndilibwereka ndikaphunzitsire fizikisi.

Kota Jere (Moatize): Palinso njira yachidule imene ambiri saiona. Pachithunzi chija pali batani lolembedwa Direct. Mukalidina, mawu a pa maiki amapita ku mahedifoni asanalowe n'komwe mu kompyuta. Kuchedwa kulibe, ngakhale buffer ikhale 1024. Choipa chake n'chakuti woimba samva reverb kapena zokometsera zina, amadzimva wouma. Kwa kwaya zimenezo zilibe kanthu.

Zakeyu (Ulónguè): Ndaika 256, ndadina Direct. Kuthetheka kwachepa kwambiri, kwangotsala kamodzikamodzi. Koma tsopano ndikudzimva pawiri, ngati tili anthu awiri wina akunditsatira pambuyo.

Kota Jere (Moatize): Chifukwa mwatsegula zitseko ziwiri. Mukumva a Direct, mukumvanso odutsa mu Reaper. Pa track imene mukujambulayo pali kachizindikiro ka sipika pafupi ndi batani lofiira, kazimitseni. Musankhe chimodzi.

Zakeyu (Ulónguè): Zatheka. Mnzanga uja wachoka.

Mano Toni (Zóbuè): Koma 44.1 ndi ya makolo. Ika 96 aise, nyimbo izimveka ngati ya kunja.

Nangozo (Tete): Toni, pa 96000 kompyuta imagwira ntchito yoposa kawiri, mafayilo amakulanso koposa kawiri, ndipo nyimboyo mapeto ake anthu akaimvera pa WhatsApp ndi pa sipika ya foni. Laputopu ikulephera kale kupuma, iwe ukuti aisenzetse thumba lina. 44100 ndi muyezo wa CD, 48000 ndi wa kanema. Ngati kwayayo idzafuna vidiyo, 48000. Ngati ayi, iliyonse mwa ziwirizi. Chachikulu n'chakuti paliponse pakhale nambala imodzi.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine. Ndinajambula amayi a chigwirizano pa 48000, ndinakapereka mafayilo kwa mnyamata wina kuti asakanize, makina ake anawawerenga ngati a 44100. Nyimbo inatsika ndi pafupifupi semitoni imodzi ndi theka, n'kumayenda mwaulesi. Amayi aja atamva anati mwatisandutsa madoda. Mpaka lero akandiona pa msika amaseka.

Mphunzitsi Banda (Furancungo): Pa nkhani yomweyi, a Zakeyu aonenso mbali ya Windows. Nthawi zambiri Reaper ili pa 44100 pamene Windows yagwira interface yomweyo pa 48000, ndiye ziwirizi zimalimbirana. Zizindikiro zake ndi izi: mukatsegula YouTube uku Reaper ili yotsegula mawu amasowa, kapena pamamveka kuphulika pang'ono mukasintha pulogalamu. Lowani mu Sound settings, Properties, Advanced.

Zakeyu (Ulónguè): Aphunzitsi, Windows yanga ndi ya Chipwitikizi. Mayina mukutchulawo sindikuwaona.

Kota Jere (Moatize): Vuto la ife a m'malire limenelo, malangizo timawapeza m'Chingerezi, makina tinagula a Chipwitikizi. Njira yosasankha chilankhulo ndi iyi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, pakabokosi kotulukako lembani mmsys.cpl. Mawu amenewa ndi amodzimodzi pa Windows iliyonse. Mupeza mndandanda wa zipangizo, dinani kawiri pa interface yanu, pitani pa Avançado, musankhe nambala yofanana ndi ya mu Reaper. Muchite mbali zonse ziwiri, yotulutsa mawu ndi yojambula. Koma ine chimene ndimachita n'chosavuta kuposa pamenepo. Windows ndimaisiyira masipika a laputopu, interface n'kukhala ya Reaper yokha. Zikatero ngakhale uthenga ulowe, kulira kwake sikufika m'mahedifoni a woimba.

Zakeyu (Ulónguè): Ndachita choncho. Zonse pa 48000 chifukwa vidiyo akuifuna. Ndiyesa madzulo ndikaweruka kumunda.

LACHITATU USIKU

Zakeyu (Ulónguè): Akuluakulu, yazimiririkanso. Ndinali pakati pojambula, nditangodina 48V, batani lopatsa magetsi maiki ya condenser, kuti ndiiyese, nyali zonse zinaphethira, Reaper n'kuuma. Mwina a Toni amanena zoona kuti yafa.

Mano Toni (Zóbuè): Ndinanena ine.

Kota Jere (Moatize): Funso langa lachitatu la dzulo simunaliyankhe. Yabayidwa pati?

Zakeyu (Ulónguè): Pepani akulu, ndinaliiwala. Laputopu ili ndi mabowo a USB atatu koma limodzi linathyoka. Ndiye ndinagula ka hub ka mabowo anayi. Pamenepo pali interface, mbewa, modemu, ndi foni ikamatchaja.

Kota Jere (Moatize): Mayo ine. Ndiye mukuti yafa? Ili ndi njala! Bowo limodzi la USB 2.0 limapereka 500 mA pa 5V. La USB 3.0, lija la buluu mkati, limapereka 900 mA. Ka hub kopanda magetsi akeake sikachulukitsa kanthu, kamangogawa chomwecho kwa onse. Foni yokha ikhoza kumeza zonse. Modemu ikamasaka netiweki imakokanso kwambiri. Tsono interface imadya kuchokera pa USB pomwepo, ndipo mukadina 48V iyenera kukweza 5V ija kufika 48V, pamenepo imafuna chakudya chochuluka kwa kanthawi. Yapempha, yapeza mbale yopanda kanthu, yakomoka. Interface ikhale ndi bowo lakelake pa laputopu. Zina zonsezo zipanikizane pa hub, ndipo foni ikatchajidwe kukhoma.

Nangozo (Tete): Chingwenso muchione. Chinabwera ndi interfaceyo kapena?

Zakeyu (Ulónguè): Sichinabwere. Ndinatenga cha printa yakale ya ku parokiya, chachitali mwina mamita asanu.

Nangozo (Tete): Mamita asanu ndiye malire enieni a USB 2.0, ndipo chingwe chakale chopyapyala chimataya mphamvu m'njira. Pezani chachifupi, mita imodzi kapena iwiri, chonenepa. Musagule chodula, mabaraka a mafoni ndi a fotokopya amakhala nazo.

Mphunzitsi Banda (Furancungo): Windows nayonso ili ndi khalidwe lozimitsa mabowo a USB pofuna kusunga batire. Windows ndi R, lembani powercfg.cpl. Sankhani Alto desempenho ngati ilipo. Kenako mu zosintha zakuya mupeze za USB, pali suspensão seletiva, muiletse. Mukatero lembaninso devmgmt.msc, tsikani pansi pa mndandanda wa USB, pa Root Hub iliyonse muchotse kachizindikiro kololeza kompyuta kuzimitsa chipangizocho.

Kota Jere (Moatize): Zoona aphunzitsi, koma ayambe ndi bowo ndi chingwe, ayese, kenako achite zanuzo. Tione chimene chinali vuto.

Zakeyu (Ulónguè): Ndachotsa pa hub, ndabaya pa bowo la buluu ndi chingwe chomwechi. Ndadina 48V kakhumi konse. Siinazime.

Mano Toni (Zóbuè): Chabwino, siinafe. Koma inadwala.

Nangozo (Tete): Kudina 48V kakhumi musazolowere achimwene. Ndipo muzitsitsa mahedifoni ndi masipika musanadine, komanso maiki muziibaya 48V ili yozima. Kuphulika kumene kumatuluka pamenepo kumapweteka makutu ndi masipika omwe.

LACHINAYI

Zakeyu (Ulónguè): Chingwe chachifupi ndapeza, za aphunzitsi zija ndachitanso. Kuyambira m'mawa siinazimepo. Koma poti tsopano kuli bata, ndayamba kumva china chimene chinkabisala. Pali kung'ung'udza kwapansipansi, mmmmm, kosalekeza. Ndikalumikiza kiyibodi kukukula. Ndikasuntha mbewa pakubweranso kena kolira ngati udzudzu.

Kota Jere (Moatize): Zulani karegadori ya laputopu, iyende pa batire. Mutiuze.

Zakeyu (Ulónguè): Zii! Kwatheratu. Ndabwezera, kwabweranso.

Kota Jere (Moatize): Ndiye si draiva imeneyo, ndi magetsi. Poti ndinu wa kiyibodi, yesani izi mudzionere nokha. Dinani G wapansi kwambiri, uja wa 49 Hz, mufanizire ndi kung'ung'udzako. Mupeza zili pafupi kwambiri, chifukwa magetsi athu kuchokera ku Songo, ku damu la Cahora Bassa, mpaka pa tomada (soketi) ya kwanu amayenda pa 50 Hz. Nthawi zina chimene chimamveka kwambiri ndi 100 kapena 150, ana ake a 50 yemweyo. Zimachitika zipangizo zikalumikizidwa ku magetsi m'njira zosiyana kenako n'kulumikizananso zokhazokha ndi zingwe za mawu. Pamakhala bwalo, ndipo kamphamvu kochepa kamayenda m'bwalomo kudzera m'chingwe cha mawu. Kaudzudzu kaja ndi phokoso la karegadori ndi la mkati mwa laputopu likudutsa pa USB.

Zakeyu (Ulónguè): Ndayesa G uja. Akulu, ndi yemweyo ndithu, mpaka tsitsi landiimirira.

Mano Toni (Zóbuè): Yankho lake ndi losavuta. Thyola chitsulo cha earth pa fisha (pulagi), phokoso limatha. Ine ndinatero.

Kota Jere (Moatize): Toni, pa zina zonse timaseka nawe, koma apa ayi. Ndagwira ntchito ya magetsi zaka zambiri. Chitsulo chimenecho ndi chimene chimatenga moto chipangizo chikawonongeka mkati. Ukachichotsa, njira yotsala ya 220V ndi thupi la munthu amene wagwira maiki kapena nsambo za gitala. Loweruka m'chipinda cha a Zakeyu mukhala ana a eni ake. Usalembenso zimenezi pagulu pano, ndipo fisha yakoyo ukasinthe lero.

Admin: Uthenga wa a Toni ndausiya kuti yankho la a Jere limveke. Wina asayese.

Mano Toni (Zóbuè): Ndamva madala. Pepani.

Nangozo (Tete): Njira zabwino zilipo achimwene. Yoyamba ndi yaulere: laputopu, kiyibodi ndi masipika zonse zidye pa extensão imodzi, pa tomada imodzi. Firiji ndi matchaja a mafoni zikhale kwina. Yachiwiri, zingwe zochokera ku interface kupita ku masipika zikhale balanced, zija za jeki ya mizere iwiri yakuda, kapena XLR. Za mzere umodzi ndi za gitala, zimatola phokoso lililonse m'njira. Yachitatu, kiyibodi idutse mu kabokosi kotchedwa DI box, kokhala ndi batani la ground lift. Batani limenelo limadula bwalo kumbali ya mawu, osakhudza earth ya magetsi, n'chifukwa chake lilibe ngozi. Matchalitchi ambiri okhala ndi zokuzira mawu amakhala nayo, kabwerekeni.

Koma kunena zoona, pa za Loweruka, ngati batire yanu imasunga, ingojambulani pa batire. Muzitchaja popuma.

Zakeyu (Ulónguè): Imasunga ola limodzi ndi theka. Nyumba yathu mawaya ake ndi awiri okha, earth kulibe n'komwe. Karegadorinso si yake yeniyeni, ndinagula pa msika yoyamba itapsa.

Kota Jere (Moatize): Ndiye zonse zagwirizana. Makaregadori otchipa amachotsamo tizipangizo tosefa phokoso kuti mtengo utsike. Mukagulitsa mbatata, musagule interface ina. Mugule karegadori yabwino, ndipo muitane wamagetsi akukhomereni ndodo ya earth ngakhale ya chipinda chojambulira chokhacho. Mukamayendera batire muonetsetse kuti Alto desempenho ija ikugwirabe, chifukwa malaputopu ambiri akangochoka pa magetsi amachepetsa liwiro la purosesa, kuthetheka n'kubwerera.

Mphunzitsi Banda (Furancungo): Kuno ife timadalira sola nthawi zambiri. Amene muli ndi ma inverter otchipa aja a modified sine, phokoso lake ndi loposa pamenepa, limalira ngati njuchi. Ndinavutika nalo miyezi itatu ndikunamizira maiki. Pure sine ndiye yoyenera zipangizo za mawu, kapena batire ya laputopu basi.

Dalitso (Tsangano): Ndangolowa kumene pagulu. Funso langa, Windows 10 akuti inasiya kulandira zokonza pa 14 October 2025. Kodi si chifukwa chake zinthu zikuvuta? Asamukire ku 11?

Nangozo (Tete): Takulandirani. Tsikulo ndi loona, koma kutha kwa zokonza sikuthethetsa mawu. Nkhani yake ndi ya chitetezo pa intaneti. Kusamuka aganize mtsogolo, ngati laputopu yake ikuloledwa n'komwe. Koma kusintha Windows kutatsala masiku awiri kuti kwaya ifike, ayi ndithu.

LACHISANU

Zakeyu (Ulónguè): Ndayesa kujambula mphindi khumi pa batire. Kung'ung'udza kulibe, kuzima kulibe. Kwatsala kamodzi kokha: pakapita mwina theka la mphindi pamamveka "the!" kamodzi, kenako bata, kenako "the!" Ndakweza buffer mpaka 1024 koma sikakuchoka.

Kota Jere (Moatize): Buffer ikakwera chotero koma osasintha, ndiye kuti si kulemera kwa ntchito. Pali draiva ina m'kompyutamo imene ikumagwira purosesa kwa kanthawi osafuna kuisiya, ndipo mawu amadikira pamzere. Kokani kapulogalamu kotchedwa LatencyMon, n'kaulere kwa ogwiritsa ntchito kunyumba ndipo n'kochepa. Kayatseni, kasiyeni mphindi khumi Reaper ikusewera, kenako mutsegule tsamba la Drivers mutiuze dzina limene lili pamwamba.

Nangozo (Tete): Podikira, kodi laputopuyo ikutentha? Kuno ku mzinda mwezi wa October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pojambula timazimitsa fani ndi kutseka mawindo chifukwa cha phokoso. Laputopu ikapsa imadzichepetsera yokha liwiro, mawu n'kuyamba kudukiza. Ine ndimajambula mbandakucha kapena usiku, laputopu nditaikweza pa timiyala tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi.

Zakeyu (Ulónguè): Kuno ku Angónia achemwali tikufunda mabulangete, kutentha tikumvera kwa inu. Koma fumbi lokha ndilo lilipo, ndipukuta.

Mano Toni (Zóbuè): A ku Tete amakazinga mazira pa laputopu kkkk.

Zakeyu (Ulónguè): Zotsatira zabwera. Pamwamba pali ndis.sys, nambala yake yasiya ena onse kutali.

Kota Jere (Moatize): Ameneyo ndi wa netiweki. Wi-Fi yanu ikumadzuka nthawi ndi nthawi kusakasaka ma netiweki apafupi, ndipo "the!" uja ndi nthawi imene yadzukayo. Zulani modemu, ikani laputopu pa modo de avião, Bluetooth izimenso. Muyesenso mphindi khumi.

Zakeyu (Ulónguè): Mphindi khumi ndi zisanu. Ndamvetsera ndi mahedifoni kawiri konse, maso otseka. Palibe ngakhale kamodzi. Ndabwezera buffer pa 256, palibebe. Akuluakulu, sindikudziwa ndinene chiyani.

Mphunzitsi Banda (Furancungo): Lembani papepala zonse mmene zilili panopa, bowo lake, buffer, sample rate, mumate pakhoma. Bowolo musasinthe, Windows nthawi zina imaiona ngati chipangizo chatsopano mukaibaya pena.

Kota Jere (Moatize): Za mawa: jambulani pa 24 bit, ndipo gain, chokwezera mawu olowa pa maiki, musakweze mpaka nyali kufiira. Auzeni aimbe pamene nyimbo imakwera kwambiri, muike kuti pafike cha m'ma -12 dB, musiye pamenepo. Kwaya poyeserera imaimba mwaulemu, ikafika pa kolasi yachitatu mzimu ukatsika imakuwa. Musiyireni malo mzimuyo.

LOWERUKA USIKU

Mano Toni (Zóbuè): Aise Zakeyu, tiuze. Kapena uli pa Calómuè ukudinditsa pasipoti?

Zakeyu (Ulónguè): Kkkk ayi mano. Anabwera anthu 14, chipinda chinachepa ndiye tinasamukira pabalaza, makatani ndi matiresi kukhoma. Nyimbo zonse zitatu zalowa. Panali kamphindi kamodzi mtima unasiya kugunda, maiki yachiwiri inali zii, ndinayamba kale kutsegula devmgmt.msc thukuta lili kamukamu. Mtsikana wina wa soprano ndi amene anati, akulu, chingwechi chikulendewera pansi. Sindinachibaye.

Batire inatha pakati pa nyimbo yachitatu, tinapuma, mayi a kunyumba anaphika mbatata ndi tiyi, tinatchaja mphindi 40 n'kumaliza. DI box ya ku parokiya sanandibwereke, woyang'anira anapita ku maliro ndi makiyi, koma pa batire sinafunike.

Nangozo (Tete): Mwasunga pawiri? Kopani pa flash usiku uno musanagone.

Zakeyu (Ulónguè): Ndakopa kale achemwali. Koma pali kanthu kena. Mu nyimbo yachiwiri, imene anaimba bwino kuposa zonse, pa vesi yomaliza pamene onse atsitsa mawu, tambala wa aneba analira. Kawiri. Akumveka bwino kwambiri, kuposa ma alto.

Kota Jere (Moatize): Ameneyo draiva yake ndilibe.

Nangozo (Tete): Tumizani masekondi khumi a pamenepo, WAV osati voice note. Mu Reaper muli spectral edit, njira yochepetsera phokoso limodzi pakati pa mawu ena, ngati sanalire pa noti imodzi ndi ma soprano tikhoza kumuchepetsa. Nditumizireni ku inbox, ndiona mawa ndikachoka ku tchalitchi.

Dalitso (Tsangano): Poti a Zakeyu achira, ine yanga ikujambula mbali imodzi yokha, kumanzere. Ndiyambe ulusi wina kapena ndifunsire pompano?

Admin: Yambani wina a Dalitso, ndipo muyambe ndi chithunzi cha pamene mwasankha input.